Mutu 6: Zimene Renske Anabisa M'chitini

1. Zitseko ziwiri

Renske Lolkema anali atatha milungu isanu ndi iwiri m'chipinda chimodzi cha chipatala cha odwala chifuwa chachikulu. Chipindacho chinali chabwino, tisanamizane. Munali bedi lofewa, tebulo lowerengerapo ndi windo lalikulu loyang'ana kudambo kumene ng'ombe zinkadya msipu. Koma windolo silinkatseguka. Munthu ankalowa podutsa zitseko ziwiri, ndipo chachiwiri sichinkatseguka choyamba chisanatsekeke. Aliyense wolowa ankavala masiki, ngakhale mayi ake omubereka.

Matendawa anamupeza kumayambiriro kwa Malichi, m'chaka chake chomaliza ku sekondale. Tsopano Epulo anali kutha, ndipo mayeso a boma anali oti ayamba pa 14 Meyi. Anzake ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita kukabwereza maphunziro. Iye ankawerenga yekha, akuyendayenda pakati pa bedi ndi windo mpaka miyendo kutopa.

Lamulo la pachipatalapo silinkaona nkhope. Wodwala ankatuluka pokhapokha makhololo ake akapezeka opanda tizilombo katatu motsatizana. Makhololo a Renske anali atapezeka oyera kawiri. Achitatu anapereka Lachitatu, ndipo zotsatira zake zinali kubwera tsiku limeneli, Lachisanu. Zikakhala bwino akagona kwawo Loweruka, n'kudzalemba mayeso pamodzi ndi anzake. Zikavuta, ndiye kuti anzake alemba iye akuyang'ana ng'ombe pawindo.

Bambo ake, munthu wosadziwa kudikira, anali atapenta kale mtengo wa mbendera woti adzapachikepo chikwama chake cha sukulu kuti mudzi wonse udziwe kuti mwana wakhoza.

2. Piritsi laling'ono

Seveni koloko itakwana, nesi Hiske analowa ndi kakapu ka mapiritsi.

"Wadzuka bwanji, pulofesa? Mabuku amenewa adzakugwera tsiku lina."

"Ndadzuka bwino, a nesi. Kaya inu?"

"Ine? Mphepo yakumaso kuchokera kunyumba mpaka pano. Njinga ndafika ndikuchita kuikankha. Landira umwe, zipinda zisanu zikundidikira."

M'kakapumo munali mapiritsi asanu ndi anayi a mitundu inayi. Awiri anali ofiira, ena anali akuluakulu oyera ngati choko, ndipo limodzi linali laling'ono kwambiri. Milungu inayi yoyambirira Renske anawamwa onse mokhulupirika. Chifuwa chinaleka, thukuta linatha, thupi linayamba kubwerera. Koma mapiritsi akuluwo ankamuchititsa nseru mpaka masana. Mfundo za mafupa zinkaphwanya, mutu unkalemera, ndipo tsamba limodzi ankaliwerenga katatu osatolapo kanthu.

Mwana wamphwayi akafuna kuchita zopusa amangochita. Mwana wanzeru ndiye woopsa, chifukwa amayamba wazikonza bwinobwino n'kuzipezera zifukwa. Renske anadziuza kuti anali atachira kale. Kusiyiratu mankhwala anaona kuti kungakhale kupusa, choncho anasankha kumamwa laling'ono lokhalo, limene silinkamuvuta. Enawo ankati adzawamwa mayeso akatha. N'chifukwa chake sankawataya.

Masiku oyambirira a Hiske ankamuyang'ana mpaka piritsi lomaliza litatsika pakhosi. Kenako anayamba kumukhulupirira, poti anali mwana waulemu. Ankamupatsa kakapu n'kutembenuka kukalemba kutentha kwa thupi pa bolodi. Renske ankameza laling'ono lija, enawo n'kuwafumbata. Nesi akatuluka ankawaponya m'chitini cha masiwiti akuda amchere, chimene mnzake Marrit anamutumizira. Pamwamba ankayalapo masiwiti ochepa otsala.

Lachisanu limenelo anachitanso chimodzimodzi. Unali mlungu wachitatu.

3. Khofi wa teni koloko

Teni koloko inali nthawi yokhayo imene odwala ankatuluka. Ankakhala ola limodzi m'kabwalo kotchingidwa ndi mpanda, motalikirana, mphepo ikuwomba pakati pawo. Aliyense ankalandira khofi ndi bisiketi imodzi, osati ziwiri. Nthawi yomweyo okonza m'zipinda ankalowa kukasesa, choncho Renske sankasiya chitini chija. Ankachiika m'chikwama pamodzi ndi mabuku.

Pa tebulo lake pankakhalanso a Sybren Algra a m'chipinda choyandikana nacho, bambo wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, wowonda, atafunda bulangete mpaka m'khosi. Anagwira ntchito moyo wawo wonse mu labotale, akuweta tizilombo ta chifuwa chachikulu m'timbale kuti madokotala adziwe mankhwala oyenera. Ankanena okha kuti tinawalowa ali pantchito, tinagona m'mapapo mwawo zaka makumi atatu, n'kudzadzuka iwo atakalamba.

Anapsontha khofi n'kukwinya nkhope.

"Awa ndi madzi otsukira mbale. Mtsikana iwe, tandipatsako siwiti imodzi ndichotse m'kamwamu."

"Anatha, agogo."

"Anatha? Nanga chimene chimalira m'chikwamamo ukamayenda n'chiyani, miyala? Ndakalamba maso, koma makutu ndi anga."

Kwathu kuno ku Friesland munthu samanidwa siwiti yakuda, ngakhale mutayambana dzulo lake. Renske anasowa pothawira. Anatulutsa chitinicho n'kuyesa kuchitsegula pang'ono chabe. Chivindikiro chinali cholimba. Anakoka ndi mphamvu, ndipo chinasomphoka kamodzi n'kamodzi. Mapiritsi ofiira ndi oyera anangoti mbwee pa tebulo lonse, ena n'kugwera pa bulangete la a Algra.

Mkuluyo anawayang'ana kanthawi. Kenako anasankha siwiti imodzi pakati pa mapiritsiwo n'kuiponya m'kamwa.

"Tola msanga anthu asanaone," anatero. "Wayamba liti?"

"Milungu itatu yapitayo."

"Palibe limene ukumwa?"

"Ndikumwa, agogo," anayankha Renske, mawu ake akulimba pang'ono. "Laling'ono lija sindinadumphitsepo ngakhale tsiku limodzi."

Iye ankaganiza kuti zimenezi zimupepukitsira mlandu. Koma nkhope ya a Algra ndi pamene inagweratu.

"Mwana iwe," anatero chapansipansi. "Pa njira zonse zoipa zimene zinalipo, wasankha yoipitsitsa."

4. Zimene a Algra anaona m'timbale

"Ndachira, agogo," anatero Renske. "Sindikutsokomola. Makhololo ayera kawiri."

"Khala chete ndikuuze, poti ku sukulu kwanu sanafike pamenepa. Ine tizilombo timeneti ndatiweta zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndimatidziwa kuposa mmene ndinkawadziwira malemu akazi anga, ndipo iwo ankalankhula.

"Kachilombo kalikonse kali ndi malangizo ake achibadwa, pafupifupi zikwi zinayi. Sikawagwiritsa ntchito onse nthawi imodzi. Zili ngati buku lakoli, umatsegula tsamba limene ukulifuna tsikulo, ena onse ali chitsekere. Zinthu zikamayenda bwino, kachilomboko kamatsegula masamba a kudya ndi kuswana. Ndiye mankhwala afika. Tambirimbiri timafa masiku oyambirira omwewo, n'chifukwa chake chifuwa chako chinaleka msanga. Koma totsalato sitikhala manja lende. Timatseka masamba aja n'kutsegula ena, ndipo sititenga mlungu, ndi nkhani ya maola chabe.

"Tsamba lina limati: leka kudya kwambiri, leka kuswana, gona. Mankhwala ambiri amagwira kachilombo kamene kali pantchito, kogona amakapitirira. Tsamba lina limati: onjezera phula pakhungu lako kuti mankhwala alowe movutikira. Lina limati: yatsa mapampu. Ndiwe mwana wa mlimi iwe, ukudziwa zimene pampu imachita madzi akalowa m'munda mwa bambo ako. Mankhwala akalowa, kachilomboko kamawapopera kunja. Ukaona makhololo ayera umati nkhondo yatha. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Ndifunse ine amene tinandigonera zaka makumi atatu."

Anaima kaye n'kutsokomolera m'bulangete. Renske anali chikhalire, chitini chili pamiyendo.

"Tsono umvetse apa. Kugona ndi kupopa kumeneku si kugonjetsa mankhwala ayi, ndi kubisala chabe. Buku likadali lomwe lija. Ukamwa mankhwala ako onse mpaka miyezi isanu ndi umodzi itakwana, kalikonse kodzuka kamapeza alonda ali pakhomo. Koma kubisalako kumatipatsa nthawi. Ndipo pa tizilombo mamiliyoni ambirimbiri, kamodzi kamabadwa ndi chilembo cholakwika m'buku lake, choti mankhwala a mtundu umodzi asakagwirenso. Mitundu ikakhala inayi palibe vuto, itatu inayo imakapha. Nanga ukamamwa mtundu umodzi wokha? Mankhwalawo amapha anzake onse n'kukasiyira malo kameneko. Iwe milungu itatu yonseyi wakhala ukukapalirira munda."

"Koma mwina mwa ine mulibe kotero," anatero Renske.

"Mwina mulibe. Mwina muli. Ndikuuze za mnyamata wina. Ndili pantchito ndinkalandira makhololo a munthu wina wogwira ntchito m'sitima zapamadzi. Nkhope yake sindinaione, ndinkangodziwa nambala yake ndi chaka chake chobadwa. Anali wamkulu pang'ono kuposa iwe. Ulendo woyamba ndinaika tizilombo take m'timbale tinayi, kalikonse ndi mankhwala ake. Sitinamere paliponse. Ndinati mnyamatayu ali ndi mwayi. Koma iye akangopezako bwino ankabwerera kunyanja, akumwa lero, mawa ayi, akusankha mapiritsi omukomera. Patapita miyezi botolo lake linabweranso, ndipo kambale kamodzi kanamera. Kenako kachiwiri. Kenako kachitatu. Ine ndinkangolemba, ndikuona munthu akutha ndi maso angawa popanda choti n'kumuchitira. Patatha chaka ndi theka mabotolo ake analeka kubwera. Ndinaimba lamya kufunsa ngati anachira. Sanachire."

Renske anayang'ana pansi. Mantha anali atamugwira, koma mayeso sanachoke mumtima mwake.

"Ndiyambiranso mawa, agogo. Ndizimwa onse, ndikulonjeza. Palibe amene angadziwe. Zotsatira zikabwera bwino lero ndituluka, ndikalemba, basi. Kapena mukandinenera?"

"Ine si wapolisi. Sindikanena."

Mtima wa Renske unayamba kukhala m'malo, koma mkuluyo anali asanamalize.

"Komabe chimodzi uchidziwe. Mlungu wamawa ukwanitsa miyezi iwiri. Adokotala akudziwa kuti wakhala ukumwa onse, ndiye achepetsa mankhwala ako kuchoka pa mitundu inayi kufika pa iwiri, lofiira ndi laling'ono lakolo. Ngati laling'onolo linatha kale mphamvu, lofiira litsala lokha, ndipo zimene zachitikira linzake zilichitikiranso. Lofiira likatha mphamvu, mwana iwe, m'chipinda chija sukhalamo milungu. Ukhalamo miyezi, ukumwa mankhwala oti nseru imene ukuithawayi udzaikumbuka ngati masewera. Uganizenso za holo ya mayeso. Ana oposa zana, mawindo otseka, maola atatu, iwe ukupuma pakati pawo. Mnzako wa masiwitiyu akhala mpando uti?"

Renske anatseka chitini chija.

"Adokotala sangakonze chimene sakuchidziwa. Ukuthamangira 14 Meyi, koma kuthamanga si kufika. Ndalankhula zambiri, khofi wanga wazizira. Adokotala akubwera leveni koloko, ndipo pakamwa ndi pako."

5. Pakati pa zitseko

Belu lobwerera m'zipinda linalira. Renske anavala masiki ake n'kuyenda m'khonde lalitali, chikwama chikulira pa mwendo uliwonse umene ankaponda. Anatsegula chitseko choyamba cha chipinda chake n'kulowa m'kamalo kopanikiza kaja. Chitsekocho chinatsekeka kumbuyo kwake. Cha kutsogolo chinali chisanalole.

Pakona panali bini yachikasu yotayamo masiki ogwiritsidwa kale ntchito. Zonse za mmenemo zinkamangidwa osayang'anidwa n'kukatenthedwa madzulo omwewo. Renske anaponda chotsegulira, chivindikiro n'kukwera. Anatulutsa chitini n'kuchigwira pamwamba pa biniyo.

Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka mkono unayamba kuwawa. Nyali ya pachitseko chachiwiri inali itasanduka kale yobiriwira.

Anachotsa phazi, bini n'kutsekeka. Analowa m'chipinda, nasuntha mabuku ake onse kuwaika pabedi. Pa tebulo anaikapo chitini chokha, chotsegula, ndipo anakhala pampando n'kumadikira.

6. Lamya ya ku labotale

Dokotala Wiarda anali mayi wamtali wosachulutsa mawu. Analowa ndi a Hiske pambuyo pawo.

"Renske, a ku labotale sanaimbebe, koma ndikuyembekeza kuti..." Anaona chitinicho n'kulekeza pomwepo.

"Ndi a milungu itatu, adokotala," anatero Renske. "Ndakhala ndikumwa laling'ono lokha. Enawa amandichititsa nseru, ndimalephera kuwerenga. Ndinkati ndidzawamwa mayeso akatha."

A Hiske ndiwo anayamba kulankhula, ndipo nthabwala zawo zonse zinali zitatha.

"Ine ndinkakutembenukira msana chifukwa ndinkakuyesa munthu wamkulu. M'mawa uliwonse umandiyankha moni, mapiritsi uli chifumbatire?"

"Pepani, a nesi."

"Pepani wako ndipita naye kuti? Dzina losainidwa pa bolodipo kuti wamwa onse ndi langa."

Mawu amenewa anamupweteka Renske kuposa onse a a Algra. Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute.

"Za bolodi tikambirana patokha, a Hiske," anatero dokotala. "Pitani mukatenge mapiritsi ena m'malo mwa amene sanamwe lero." Kenako anakokera mpando pafupi ndi Renske. "Ukanandiuza za nseruyo tikanasintha nthawi yomwera, tikanakupatsa choletsa. Linali vuto la tsiku limodzi. Komabe wachita bwino kunena. Ndinali nditalemba kale zochepetsa mankhwala ako Lachiwiri likubwerali."

"Nanga zotsatira za lero zikabwera zoyera?"

"Ngakhale zitayera sindingakutulutse. Tiyambiranso kuwerenga masiku a mankhwala."

"Ndiye mayeso..."

"Mayeso a Meyi uwaiwale. Pali mwayi wachiwiri mu Juni wa amene anadwala. Ngati tizilombo tako tikumverabe mankhwala, umenewo tikhoza kuuthamangira."

Renske anagwedeza mutu. A Hiske anabwera ndi kakapu ndi madzi, osamuyang'ana kumaso. Nthawi yomweyo lamya ya m'thumba la dokotala inalira.

"Wiarda. Eya, ndili naye pompano." Anamvetsera. Anatembenukira kuwindo n'kumvetseranso nthawi yaitali. "Mwayeza kawiri? Chabwino. Nanga linalo?" Anamvetsera yankho. "Mpaka liti? Ndamva. Zikomo."

Anabweza lamya m'thumba pang'onopang'ono. Pamwamba pa masiki pankangooneka maso okha, ndipo Renske anali ataphunzira kuwerenga maso.

"Tizilombo tabwerera m'makhololo ako," anatero dokotala. "Atiyeza mwachangu. Piritsi laling'ono lija silikutigwiranso, ndipo silidzatigwiranso."

"Nanga lofiira?"

"Makina sanapereke yankho lomveka. Akuyezanso. Tidziwa Lolemba."

"Likakhala kuti likugwira, Juni ndilemba?"

"Mwina."

"Likapanda kugwira?"

Dokotala anangoyang'ana kakapu kaja. Renske anaimirira msangamsanga n'kutambasula dzanja kwa a Hiske.

"Ndipatseni ndimwe. Ndimwa onse pompano, muzindiona."

Koma Dokotala Wiarda anaika chikhatho chawo pamwamba pa kakapuko.

"Ayi. Sindikupatsa kanthu mwachimbulimbuli. Ngati lofiira likadali ndi mphamvu, ndilo lokha lalikulu limene latitsalira, ndipo sindilitumiza kunkhondo ndisanadziwe anzake oyenda nalo. Tidikira Lolemba."

"Chonde, adokotala. Limodzi lokha."

"Limodzi lokha ndi limene latifikitsa pano, Renske."

A Hiske anatenga kakapu, anatenganso chitini chija, ndipo onse awiri anatuluka. Chitseko chamkati chinatsekeka, kenako chakunja. Renske anatsala ali chiimire pakati pa chipinda, dzanja lili chitambasulire. Milungu itatu anakhala akubisa mapiritsi ofiirawo, ndipo tsopano anali atawapempha ndi misozi n'kumanidwa. Kuti Lolemba lifike panali masiku atatu, ndipo m'masiku onsewo tizilombo ta m'chifuwa mwake tinali toti tiziswana popanda wotiletsa.